Foni Inawoloka Yokha

Uthenga woipa sudikira kuti munthu asambe m'manja. Lídia anali chiweramire m'munda wa bambo ake kumtunda kwa msika wa Zóbuè, akutola mbatata ya kachewere, pamene foni inanjenjemera m'chitenje. Anapukuta zala pamwendo n'kuwerenga. Atawerenga kachiwiri anangokhala pansi pamzere pomwepo.

Uthengawo unachokera ku Maputo, kukampani ina yotumizira ndalama pafoni, kumene Lídia ankafuna ntchito yolemba mapologalamu a kompyuta. Mafunso oyamba anakhoza. Kenaka anamupatsa ntchito yoti achitire kunyumba, ndipo anaichita mpaka maso kufiira. Tsopano mayi wina dzina lake Noémia, mkulu wa olemba mapologalamu kumeneko, ankalankhula ndi ulemu wa muofesi, ulemu uja umabaya kuposa mwano. Ati ntchitoyo ndi yabwino, koma makina awo akuonetsa kuti inatumizidwa kuchokera ku Malawi, pamene mwini wake anati amakhala m'chigawo cha Tete. Ati iwo amasunga ndalama za anthu, choncho sangalembe munthu amene akumukayikira kuti wina anamulembera mayeso. Lachisanu aonekere pakamera, ali mkati mwa Mozambiki, adzafotokoze.

Mawu akuti wakuba sanawalembe, koma Lídia anawamva bwinobwino.

Ikanakhala ntchito yokha, bwenzi atangolira n'kupitiriza kutola mbatata. Koma pa Lachisanu limenelo panatsamira ukwati wake. Chimalizireni maphunziro ake ku Tete, Lídia ankangokhala pakhomo, ndipo bambo ake, a Valentim, anali atatopa kuyankha mafunso a anthu. Délio, woyendetsa zigalimoto za malasha ku Moatize, anali atatumiza kale mawu kuti ankhoswe ake ali okonzeka. A Valentim anagamula mwachidule, monga mwa chikhalidwe chawo: “Ukaipeza ntchito yakoyo, mwamuna udzasankha wekha. Ikakukanika ndiwauza a Délio abwere. Ndatopa kudyetsa dipuloma.”

Chonsecho mtima wa Lídia sunali kwa Délio ngakhale pang'ono. Unali kwa Edilson wa ku Cateme, wonyamula anthu panjinga yamoto, wopanda galimoto, wopanda malipiro a pamwezi, koma wodziwa kumuseketsa mpaka nthiti kuwawa. Ndipo kuti nkhani ivute bwino, Edilson ndi Délio anali pachisuweni. Mayi ake a Edilson ndi bambo ake a Délio, a Zacarias, anabadwa awiri okha mimba imodzi.

* * *

Munthu ukaona zakuda umathamangira kwa amene umamukonda. Lídia anatumiza uthengawo kwa Edilson mmene unalili, n'kuwonjezera pansi pake kuti, “Taona zandigwerazi.” Ankayembekeza kuti amuimbira nthawi yomweyo, amuuze kuti a ku Maputowo mitu yawo sikuyenda bwino. Foni inangoti zii mpaka dzuwa kupendeka. Kenaka panabwera mawu awiri okha: “Ndiye n'zoona.”

Anamuimbira yekha.

“N'zoona chiyani?”

“Kuti umawoloka. Délio anandiuza, ine n'kumuseka. Anati ku Mwanza kuli mnyamata wa makomputadori amene amakuthandiza, ndipo thandizo lakelo si laulere. Lero a ku Maputo akunena zomwezo. Iwowo Délio wawapatsa chiyani kuti aname?”

“Edilson, ine ku Mwanza ndinapitako liti?”

“Kafunse makinawo.”

“Ndi kakhadi ka m'foni chabe! Rede yathu, netiweki ya kunoyi, imakwanira moni ndi timauthenga basi, ntchito yolemera ngati ija sikanapita. Ndinaika kakhadi ka ku Malawi, ndinakwera pachulu kuseri kwa nyumba n'kutumiza. Aliyense kuno amatero, ngakhale ababa.”

“Pachulu.” Edilson anaseka kuseka kosakoma. “Epa, Lídia, ukanapeza bodza lovala bwinoko.”

Foni inaduka. Kaya anadula ndi iyeyo kaya ndi rede ya ku Zóbuè, Lídia sanafune n'kudziwa komwe.

Tisamunamizire Edilson, sanali wouma mtima. Matenda ake anali odzikayikira. Banja lawo linkaumba njerwa kufupi ndi Bagamoyo wa ku Moatize, migodi itabwera linasamutsidwira ku Cateme, ndipo chichokereni apo mnyamatayu ankakhulupirira kuti chabwino chilichonse chimene wagwira, tsiku lina abwera wina wovala bwino kudzamuuza kuti asunthe. Lídia ankazidziwa zimenezi, koma tsiku limenelo analibe mphamvu zomumvera chisoni. Kampani ikumuyesa wakuba, chibwenzi chikumuyesa woyendayenda, onse chifukwa cha chulu chimodzi. Analowa m'nyumba n'kulira mokwiya.

* * *

Mawa lake masana galimoto ya Délio inaima pamsewu. Iye pakhomo pa a Valentim ankalowa momasuka, ati kudzagula mbatata, ngakhale mudzi wonse unkadziwa kuti munthu mmodzi sangathe mbatata yonse imene iye ankanyamula. Tsiku limenelo anabwera ndi nsomba za pende za mu Zambezi zitakulungidwa m'pepala.

“Onani a Délio, sabwera chimanjamanja,” anatero mayi ake a Lídia, a Luzia, akulandira ndi manja awiri. “Lídia, mpando wa alendo!”

Lídia anabweretsa mpandowo n'kuuika patali kuposa mmene ulemu umafunira.

“Ndamva za ku Maputo,” anatero Délio, akuseweretsa makiyi. “Pepa. Koma usadwale nazo, mkazi wanga sadzasowa kufunsira ntchito kwa munthu. Ngati ukufunabe kuyesa, Lachisanu ndidzakutenga. Kunyumba kwanga kuli rede yamphamvu, kuli mphepo yozizira, osati kukazunzika m'fumbi.”

“Wamva kwa yani?”

“Moatize ndi wamng'ono. Msuweni wanga akungoyenda ngati nkhuku yovumbwa.”

“Nanga mnyamata wa ku Mwanza uja dzina lake ndani, Délio? Tandiuza, nanenso ndimudziwe.”

Makiyi aja anasiya kulira. “Ine ndinangonena zimene anthu amanena.”

“Anthu akewo ndiwe wekha.”

“Iwe Lídia! Mlendo amayankhidwa choncho?” a Luzia anakalipa. Délio atapita anamukokera mwana wawo kukhitchini n'kutsitsa mawu. “Mwanawe, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ntchito ya ku Maputo sunaigwire, wa njinga uja wayamba kale kukunyanyala. Uyu ali pano, nsomba zake ndi izi.”

“Amayi, ine sindikwatiwa ndi nsomba.”

A Valentim anali pakhonde akusankha mbewu, ndipo zonsezi anazimva. Iwo anakulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, anabwerera mtendere utabwera, choncho nkhani ya malire inkawaseketsa m'njira yawoyawo.

“Ife tinawoloka ndi miyendo, katundu ali pamutu, palibe anatiimba mlandu,” anatero osadzutsa mutu. “Iwe wawoloka uli pakhomo panga, mlandu wakafika ku Maputo.” Anaseka pang'ono, kenaka kusekako kunatha. “Koma mawu anga sanasinthe.”

* * *

Lachisanu m'mawa Lídia anamanga kompyuta yake m'chitenje, anavala bulauzi yoyera n'kutsika kumsewu, ulendo wa ku Moatize kumene rede ndi yamphamvu, kukadikira shapa, timinibasi tija timadzaza anthu mpaka chitseko kukana kutsekeka. Pansi pa bulugamu panali njinga yamoto yofiira, ndipo pambali pake panaima Edilson, nkhope ili ndwii, fumbi la ulendo lili mpaka m'nsidze.

Chiyambireni chibwenzi chawo, Edilson anali asanadutsepo mtengo umenewo. Mwamuna amene ankhoswe ake sanaonekere saponda pabwalo la apongozi, ndipo iye mwambo umenewu ankausunga mwamantha.

“Ndinalonjeza kuti tsiku la entrevista, mafunso a ntchito aja, ndidzakutenga,” anatero akuyang'ana kumbali. “Lonjezo sindiphwanya. Zinazo tidzakamba.”

“Tikamba pompano. Tiye.”

“Kuti? Lídia, bambo ako!”

“Sitidzera pabwalo. Tiye, ndati.”

Anamugwira pamkono n'kumukoka kudzera kanjira ka mbuzi, kuzungulira kuseri kwa khola, kudutsa m'munda wa nyemba. Edilson ankanyang'ama ngati wakuba nkhuku, maso ali kunyumba. Anafika pachulu chachikulu chofiira, pamwamba pake posalala chifukwa cha anthu okhalapo. Kutsogolo kwake mapiri a ku Malawi ankaoneka pafupi ngati ungawaponye mwala.

“Kwera.”

“Ndikwere ndikatani?”

“Ukaonane naye mnyamata wa ku Mwanza.”

Edilson anakwera mokakamizika. Anaima pamwamba manja ali m'chiuno, kuonetsa kuti iye sachita nawo zachibwana. Anayang'ana uku ndi uku. Anatsegula pakamwa kuti anene chinachake chobaya, ndipo nthawi yomweyo foni inalira m'thumba mwake. Anaitulutsa, anawerenga, anawerenganso. Unali uthenga wa Chipwitikizi womulandira ku Malawi n'kumufunira ulendo wabwino.

“Akuti chiyani?” Lídia anafunsa, ngakhale ankadziwa.

“Akuti ndafika bwino ku Malawi.”

“Eya! Wawoloka liti, Edilson? Kuli mtsikana wanji kumeneko? Dzina lake ndani? Amakuthandiza ulere?”

Edilson anayang'ana mapazi ake pachulu, anayang'ana denga la a Valentim lili pomwepo, n'kukhala pansi mwakachetechete. Kenaka mapewa anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka misozi, akudzitseka pakamwa ndi chipewa kuti apongozi asamve, ndipo Lídia, amene anakonzeka kumukalipira mpaka ku Moatize, anapezeka akuseka naye. Mkwiyo wonse unasungunuka, m'chifuwa munapepuka.

“Ndine chitsiru,” anatero Edilson atatsika. “Kandimverere anakanena za m'maluwa, ine n'kumeza zonse. Ndikhululukire, Lídia. Ndinkangoona ngati nawenso akundilanda.”

“Ine si dothi la ku Bagamoyo, palibe andisamutse. Koma ukadzandikayikiranso, ndidzakusiya pachulu pompa ukhale Mmalawi.” Anatsegula foni yake, anatulutsa kakhadi ka ku Malawi kaja n'kumuika m'dzanja. “Sunga. Lero kasandiyandikire.”

* * *

Kuchoka ku Zóbuè kupita ku Moatize ndi kutsika kuchoka kumphepo kulowa m'ng'anjo. Anasiya mapiri obiriwira, anayamba kukumana ndi milambe, kenaka fumbi lakuda la malasha. Pofika m'tauni bulauzi yoyera ija inali itasintha maganizo.

Edilson anamutengera kwa mlongo wake Suzete, amene anali ndi saluni pafupi ndi njanji. Suzete atangomva nkhaniyo anazimitsa wailesi, anauza mayi amene ankamuluka kuti apirire ndi mutu wa theka, n'kumulowetsa Lídia m'kachipinda ka kumbuyo kosungiramo mawigi.

“Mlamu, khalani apa, khoma ili ndi loyera. Mituyi ndiichotse, a ku Maputo angaganize kuti mwabwera ndi mboni.” Anakumbatira zidole zovala mawigi n'kutuluka nazo, ndipo ali pakhomo anatembenuka. “Mlongo wangayu ndamukalipira kale za Délio. Mukamaliza mumuwonjezere.”

Pakompyuta panaoneka nkhope ziwiri. Mayi Noémia anali wamagalasi, wosaseka wamba. Pambali pawo panali bambo wina wandevu dzina lake Armindo, amene ankaoneka ngati mafunso ake anawanola kale. Analankhula Chipwitikizi chofulumira cha ku Maputo.

“Makina athu akuti lero muli ku Mozambiki,” anayamba Mayi Noémia. “Tiuzeni za tsiku lija.”

Lídia anafotokoza za chulu, za kakhadi, za mudzi umene foni imawoloka yokha mwini wake ali pakhonde. Ali mkati molankhula anadzimva yekha kuti nkhaniyi ikumveka ngati nthano. Nkhope ziwiri zija sizinasinthe.

“Mwina,” anatero a Armindo. “Pakamwa aliyense amatha. Tsegulani ntchito yanu ija tiione limodzi. Ngati munalemba nokha, simusochera m'nyumba mwanu.”

Anatsegula. Anamufunsa chifukwa chimene anayambira apa osati apo, ndipo anayankha. Anamufunsa za mzere wina umene iye mwini sankaukonda, ndipo anavomera kuti anaulemba atatopa, n'kunena mmene akanaukonzera. Kenaka a Armindo anaweramira kukamera.

“Mayi wina akutumiza ndalama kwa mwana wake. Wadina, rede yaduka, sakudziwa ngati zapita. Wadinanso. Pologalamu yanuyi ichita chiyani?”

Lídia anatsatira mizere yake ndi maso. “Itumiza kawiri.”

“Konzani. Tikuonerera.”

Palibe chinthu chovuta ngati kulemba anthu akukuyang'ana zala. Anaganiza zoti kutumiza kulikonse kukhale ndi chizindikiro chakechake, kuti kukabweranso kachiwiri makina akuzindikire n'kukukana. Analemba, anayesa, pologalamu inakana n'kulavula zilembo zofiira. Anaona nkhope ya Délio, anaona nsomba zija m'pepala, anaona ankhoswe atakhala pamphasa pakhomo pa bambo ake.

“Lankhulani, tizimva mmene mukuganizira,” anatero Mayi Noémia, mawu atafewako pang'ono.

Lídia anayamba kuganiza mokweza, mzere ndi mzere, monga amachitira akamawerengera yekha kumunda. Pakati pa chiganizo anaona pamene anaphonya: chizindikirocho ankachifufuza asanachisunge. Anasintha, anayesanso. Zofiira zija zinachoka.

A Armindo anakanda ndevu n'kuponya funso lina, la mmene angatetezere zonsezi anthu zikwizikwi akamatumiza nthawi imodzi. Lídia anayamba kuyankha, anaona kuti akungozungulira, n'kuima.

“Pamenepo sindikudziwa. Ndinawerengapo, koma sindinachitepo. Ndinganame ndikati ndikudziwa.”

Nthawi yomweyo kutali kunalira sailini, kenaka pansi panagunda. Khoma linanjenjemera, malata analira, wigi imodzi imene Suzete anaiwala pamsomali inagwera pa phewa la Lídia.

“N'chiyani chimenecho?” a Armindo anadzuka pampando.

“Akuphulitsa miyala kumgodi. Kuno ndi zamasiku onse,” anatero Lídia, akuchotsa wigiyo mwaulemu wonse umene akanatha.

Mayi Noémia anavula magalasi n'kuseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba. “Pronto. Lero ndiye palibe angatsutse kuti muli ku Moatize. Tikuimbirani.”

* * *

Atatuluka m'kachipindamo anakhala pampando wochapira tsitsi.

“Ndalakwa. Ndawauza kuti sindikudziwa. Munthu wofuna ntchito amanena zimenezo?”

“Ine ndamva zonse, khomali ndi la pulayiwudi,” anatero Edilson. “Zambiri sindinatolepo kanthu, koma ndamva munthu amene sanama ngakhale bodza likanamupulumutsa. Ine ndi amene ndinayenera kudziwa zimenezo kalekale.”

“Tamuonani, lero wasanduka wansembe,” anatero Suzete, akubwerera kumutu wa theka uja. “Kamugulire mlamu chozizira, usangoima apo.”

Anakakhala pamthunzi kuseri kwa saluni, akuyamwa malambe oundana a m'timapepala. Sitima ya malasha inadutsa, yaitali ngati sidzatha. Lídia anaika foni pamwendo chafufumimba kuti asamaiyang'ane, koma ankaitembenuza kawirikawiri. Uthenga woyamba kubwera unali wa Délio: “Zayenda bwanji? Galimoto ilipo ngati wakhumudwa.” Edilson anauona, koma anangoti, “Muyankhe kuti mota yangayi iliponso.”

Dzuwa litayamba kufooka foni inalira, nambala ya ku Maputo. Lídia anaimirira osadziwa kuti waimirira.

“Ndine Noémia. Takambirana. Amene analemba ntchito ija ndi inu, pamenepo sitikukayikanso, ndipo pepani kuti tinakuvutitsani mtima. Zimene simukudziwazo tidzakuphunzitsani, munthu wovomera kuti sakudziwa ndi amene amaphunzitsika. Miyezi yoyamba mudzakhala kuno ku Maputo, kenaka mukhoza kumagwirira ku Tete.” Anaima pang'ono. “Koma osati pachulu.”

Zimene Lídia anayankha sanazikumbukirenso. Anangozindikira atakhala pansi pafumbi, bulauzi yoyera ija osailabadira, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Katundu amene anamusenza chimalizireni sukulu anatsika tsiku limenelo. Suzete anatuluka ndi chipeso m'manja akululutira, mayi wa mutu wa theka uja ali pambuyo pake, nayenso akululutira ngakhale sankadziwa bwino nkhani yake. Edilson anagwada pambali pa Lídia n'kumugwira manja onse awiri.

* * *

Anafika ku Zóbuè nkhuku zisanalowe. Edilson anaima pansi pa bulugamu paja, Lídia n'kukwera yekha kunyumba. Anapeza makolo ake pakhonde. Anagwada n'kunena zonse, kuyambira zilembo zofiira mpaka wigi.

A Luzia anayamba ndi kugwira pakamwa, kenaka anadzuka n'kuvina pang'ono pabwalo, nsomba za a Délio ataziiwaliratu. “Mwana wanga ku Maputo! Ndinkanena ine kuti mutu uwu si wamasewera!” Lídia sanawakumbutse za fodya wa pachala, tsikulo linali lokoma kwambiri.

A Valentim anasisita bondo n'kuyankhula.

“Ndinanena, ndipo sindibweza. Mawa nditumiza mawu kwa a Délio kuti ankhoswe awo asavutike ndi ulendo.”

Lídia anatseka maso. Mtima unakhala m'malo.

“Tsopano,” anapitiriza a Valentim, “amene wandipondera nyemba kuseri kwa khola m'mawa uno ndani? Phazi lakelo si la mbuzi.”

“Ababa...”

“Ndinamuona ali pachulu panga akuseka ngati wamisala. Munthu woseka choncho sakhala woipa mtima. Koma kwathu kuno mkamwini sadzera kukhola. Usanapite ku Maputo nkhaniyi ikhale itamangidwa, sindifuna mwana wanga apite kutali ali mbeta ya aliyense. Kamuuze atumize malume ake adzagogode pakhomo.”

“Kwawo amatuma abale a bambo, ababa.”

“Kumeneko ndi kwawo. Mwana akudzamufunayo ndi wa kuno, ndipo kuno timalankhula ndi malume. Malume ake enieni, mlongo wa mayi ake. Wobwereka pamsika sindimulandira.”

Lídia anathokoza, anadzuka n'kuthamanga kutsika kanjira ka kumsewu ngati kamtsikana, chitenje chili m'manja. Anali atadutsa kale khola pamene mawu a bambo ake anamufika bwinobwino m'mutu. Liwiro linachepa. Pofika pa bulugamu anali akuyenda.

Edilson anamuona nkhope n'kudzuka panjinga. “Akana?”

“Avomera. Délio amubweza. Akuti iwe udzere pakhomo.”

“Ndiye nkhope yagweranji?”

“Akufuna malume ako adzagogode ndisanapite. Enieni, mlongo wa amayi ako.”

Chimwemwe chinayamba kukwera pankhope ya Edilson, chinafika pakati n'kuima. Malume anali nawo mmodzi yekha padziko lonse. Munthu woti akavale jekete, akwere mapiri a Zóbuè, akagwade pamphasa kumupemphera Lídia, anali a Zacarias, bambo ake a Délio, amene mawa lomwelo adzamve kuti mwana wawo wakanidwa pakhomo lomwelo.

“Mwina akamva bwinobwino...” Lídia anayamba, koma sanamalize.

Foni ya Edilson inalira m'thumba. Anaitulutsa pamodzi ndi kakhadi ka ku Malawi kaja, kamene kanagwera m'fumbi osatoledwa. Anayang'ana dzina la woimbayo, kenaka anatembenuza foniyo kuti Lídia aone yekha.

Panalembedwa kuti Malume.